Lole Ija Anaitsiriza

Komboni ya Navutika,
Chipata.
9 Meyi 1998.

Wokondedwa mdzukulu wanga Tamiwe,

Ndiyambe ndi moyo wako, mkazi mnzanga. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Kitwe? Amuna athu aBen ali bwanji, ukuwadyetsa kapena ndibwere ndidzawatenge? Nanga Mthunzi wayamba kuyenda, kapena akali kukolopa nyumba ndi mimba?

Kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Bondo lakumanzere ndilo landikana, popita kutchalitchi ndimapuma kawiri panjira. Azakhali ako aEsnat akukumba nsawa ku Chipangali, akuti chaka chino zabereka ndithu. Mwana wao Enoch, msuweni wako, ali bwino nayenso.

Usadabwe ndi zilembo zokhotakhota izi. Makalata ena aja ankandilembera Enoch. Ino ndalemba ndekha ndi kasukulu kanga kochepa ka ku Tamanda, chifukwa zimene zili m'munomu sindingazidutsitse m'manja mwa munthu wina. Pamene sipakuwerengeka ungoganizira.

Kalata yako inafika. Wati ku chiliza cha atate ako mwezi wa Julayi subwera. Wati munthu amene anakulonjeza lole yoyenda yokha uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, n'kukhala zaka khumi ndi zitatu, n'kufa asanaitsirize, ndiye kuti anakuiwala kalekale. Wati ndiwo atate ako amenewo, odziwa kuyamba, osadziwa kutsiriza.

Mawu amenewo ndinawaika m'kamwa mwako ndine. Chaka chatha ndinakulembera kuti lole ija atate ako Jethro anaisiya yosatha. Ndinakunamiza, Tamiwe. Anaitsiriza. Pereka mwana kwa atate ake, ukhale pansi, umve mmene zinayendera.

Sindikuti mwana wanga anali mngelo. Masiku amene ankayendetsa malole a chimanga ankamwa, ndipo amako pochoka nawe anali ndi zifukwa zao. Nyumba ija ankamanga n'kuisiyira m'mawindo ikali chomwecho, mwamera mpaka mpoza m'kati. Zimenezo sindikutsutsa.

Ntchito ya malole itatha mu 1992 anabwera kudzakhala kuno kwa ine. Ndinkayesa kuti agwira khasu ngati anzake. Mwezi usanathe ndinangoona khonde langa ladzaza zitini za mafuta ophikira, iye ali pakati ndi sizasi yodulira malata.

Ndinamuuza kuti ndinamubereka kamodzi, sindinadziwe kuti ndidzamulera kawiri. Ndinati amuna anzake akudula mitengo ya zigafa, iye akudula zitini. Azimayi a pampopi anamupatsa dzina loti aNduna a Zamtengatenga, ndipo amene ankaseka kwambiri ndinali ine amake. Iye ankangoti ndisunthe pang'ono, ndamutchingira dzuwa.

Koma ntchito yake ndinkaiona ndi diso lam'mbali, ndiye ndikuuze. Anapita kudepoti ndi chingwe cha mlaza kukayeza lole yeniyeni, mtundu womwe ankayendetsa uja. Akayeza chitseko, ankapinda chingwe pakati, n'kupindanso, mpaka kanayi, ndipo chotsalacho ndicho chinali chitseko cha kalole kake. Anatero ndi tayala, ndi galasi, ndi thanki ya mafuta, chilichonse. Alonda a pageti anayamba amuthamangitsa, kenaka anazolowera, mpaka ankamugwirira chingwe.

Malata ankawamata ndi mtovu, chitsulo chake akutenthetsa pambaula yanga, makala anga. Matayala khumi anasema kuchokera ku mapatapata akutha, mizere yake akudula ndi lezala umodziumodzi. Masipuling'i a pansi anapanga ndi nthiti za ambulera. Ambulera imeneyo inali yanga, ndipo sinali yakutha. Tsiku limenelo anthu a tsidya lina la msewu anamva dzina lake lonse.

Malole atatu oyamba anakanika. Yoyamba inali yokankha ndi waya ngati za ana. Yachiwiri anaikamo kamota ka m'wailesi ya kaseti, inkayenda, koma ikukoka chingwe cha magetsi kumbuyo ngati mbuzi yothawa pachikhomo. Iye anati imeneyo si imene anakulonjeza, pakuti imene anaiona pawindo la sitolo ku Joni inalibe chingwe.

Kenaka dalaivala mnzake anamubweretsera kagalimoto ka ana a azungu kophwanyika, pamodzi ndi kabokosi kake ka tindodo tiwiri ndi kawaya kotalika pamwamba. Kabokosiko ndiko kamalamula galimoto ili patali. Anachotsa zam'mimba zake, makamaka kathabwa kena kobiriwira kokhala ndi timisewu ta mkuwa, n'kuziika m'lole yachitatu. Ankathandizana ndi aMatiyasi, mnzake wokonza mawailesi ku msika wa Kapata. Lole imeneyo inayendadi yokha, koma inkangokhotera kumanzere, kuzungulira pamodzimodzi. Ndinati yatengera mwini wake.

Yachinayi ndiyo yako. Anaiyamba chifuwa chitamuyamba kale. Kamota kanali kochepa mphamvu, kosatha kukoka malata, ndiye anakhala miyezi akusanja timawilo ta mano ta m'mawotchi akufa kuti kazikoka pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Kuwongolera kokha kunamudyera dzinja lonse. Manja anali atayamba kunjenjemera, mtovu unkagwera pambali, iye n'kuyambanso.

Ku chipatala anamujambula chifuwa n'kumupatsa chithunzi chija chakuda. Atabwera nacho anachipala mpaka chinayera mbee, n'kudulapo galasi lakutsogolo la lole. Ndinamufunsa ngati mutu ukugwira. Anati adokotala aona kale zimene amafuna, nayenso waona, tsopano chigwireko ntchito ina.

Tsiku lina ndinamulanda chitsulo chake chomatira n'kuchiponya m'ndowa. Ndinati agone, munthu wodwala sapuma utsi wa mtovu. Ndinati Tamiwe ndi mayi wapabanja tsopano, ali ndi pakati, sakudikira zitini. Anati akudziwa kuti sukudikira, koma anakuuza. Anati zambiri zimene anakuuza zinapita ndi mowa, chatsala m'manja mwake n'chimodzi chomwechi. Ndinakachivuula ndekha chitsulocho n'kuchibwezera pamoto.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kumunena. Anandipempha kuti ndimusokere timatumba ta katundu, ndinasoka makumi awiri ndi tinayi, kalikonse ka maso a chimanga khumi. Ndinkang'ung'udza posoka kuti asaganize kuti ndagonja.

Loweruka lotsatira Pasaka chaka chatha, dzuwa litakwera, anandiuza kuti ndisese bwalo bwinobwino. AMatiyasi anabwera ndi mabatire atsopano. Tinamunyamula Jethro ndi mpando womwe kumuika pakhonde, bulangete m'miyendo, kabokosi kaja pamwamba pa bulangete.

Lole inali pansi pa masitepe, yautali ngati mkono wanga, yofiira kumutu, yoyera kumbuyo, dzina lako pazitseko zonse ziwiri. Anakankha kandodo. Inayamba yalira pang'ono, nyale zake ziwiri n'kuyaka, basi n'kunyamuka.

Tamiwe, inayenda. Inadutsa bwalo lonse mowongoka, inazungulira mtengo wa mango kumanja, inabwerera n'kuzungulira mtondo kumanzere. Inakwera thabwa limene anaika pangalande, masipuling'i a ambulera yanga akuvomera ngati a lole yeniyeni, thumba ngakhale limodzi osagwa. Azimayi a pampopi anasiya ndowa zikusefukira. Aja a dzina la aNduna anaima kumpanda manja ali pakamwa.

Pomaliza anaibweza cham'mbuyo, pang'onopang'ono, mpaka inaima chala chimodzi kuchokera paphazi langa. Ndiye anati amama, tsitsani katundu wanu, dalaivala akufuna kuweruka. Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Ine ndinalowa m'nyumba ngati ndaiwala kanthu, kuti anthu asandione nkhope.

Madzulo ake anaipukuta, anaikulunga m'chitenje, n'kuiika m'katoni pamodzi ndi kabokosi. Anati akapeza mphamvu adzakwera nayo basi yekha, adzaiyendetse kuchokera pageti panu mpaka pakhomo, iwe usanamuone. Patapita masabata atatu tinamuika m'manda. Iwe unali m'masiku otsiriza a pakati pako, sukanatha kuyenda, ndipo palibe amene anakuimba mlandu.

Pa tsiku logawa katundu, Enoch analoza katoni. Anati mwa mwambo wathu za amalume amatenga ndi mwana wa mlongo wao, ndipo mwana wa mwamuna ali ndi kwao kwa amake. Akuluakulu anagwedeza mitu kuti n'zoona. Iye lole sanaionepo ikuyenda, nthawi yonse ya matenda anali ku Lundazi, anangomva mbiri yoti amalume ake akupanga lole.

Ndinamufunsa kuti pamene amalume ake ankasanza magazi iye anali kuti. Ndinati pa beseni sanaoneke, pa katoni waoneka. Ndinati atenge jekete, atenge njinga, atenge ndi mapatapata otsala akasemere ana ake, koma ichi chili ndi dzina la mwini wake pachitseko. Ndinakoka katoni n'kuiika pakati pa miyendo yanga mpaka anthu anabalalika. Ndinanyada tsiku limenelo. Ndinati ndamenyera mdzukulu wanga nkhondo.

Tsono ukudziwa kuti katundu wa malemu saperekedwa kwa munthu asanachapidwe. Zovala zake, mabulangete, mbale, ngakhale lamba, azimayi anazichapa zonse tisanagawe. Lole yokha ndiyo inatsala, chifukwa ndinali nditaikhalira.

Mwezi wa Juni kunapezeka mayi wina wa kutchalitchi wopita ku Kitwe, ndipo anavomera kukutengera. Nditatsegula katoni, fungo linandipeza, fungo la atate ako la masiku otsiriza, mankhwala ndi thukuta ndi mtovu. Ndinakumbuka kuti anakhosomolera pa lole imeneyi chaka ndi miyezi. Ndinakumbuka anesi akundiuza kuti kapu yake ndi supuni ndiziziwiritsa. Ndinaganiza za Mthunzi wa mwezi umodzi, kuti tsiku lina adzakwawa n'kuika tayala m'kamwa. Ndinati ine sinditumiza imfa kwa chidzukulu changa m'katoni.

Ndinawiritsa madzi mumphika waukulu. Ndinathira m'bafa, ndi sopo waufa wambiri. Ndinaikamo lole, ndinaikamo ndi kabokosi kaja, mabatire ali m'kati momwemo. Ndinakwecha ndi chinkhupule ndi phulusa monga ndimachitira ndi mapoto. Kenaka ndinati ziviikike kuti matenda atuluke bwino, ine n'kupita kumapemphero a amayi.

Ndinkadziwa kuti mvula ikayamba kudontha Jethro ankathamanga nayo m'nyumba, ngakhale pamene analibe mpweya wothamangira. Ine ndinkayesa akuopa dzimbiri. Ndinati dzimbiri ndilithana nalo, ndiyanika padzuwa n'kupaka mafuta. Sindinafunse munthu. Ndinafunsapo liti munthu ine?

Pobwera ndinapeza madzi ali ofiira ndi penti. Matayala anali atamatuka, akuyandama pamwamba ngati zitumbuwa m'mafuta. Galasi lija la chifuwa chake linali litapindika ngati tsamba louma. Ndinayanika masiku atatu padenga, ndinagula mabatire ena, ndinakankha tindodo tonse tiwiri mbali zonse. Zii.

Ndinaibereka kumbuyo m'chitenje mpaka ku Kapata. AMatiyasi anatsegula pansi pake, anayang'ana, anavula magalasi. Kenaka anandifunsa motsitsa mawu ngati ndinachita kuiphika. Ndinati ndinaichapa. Anati kathabwa kobiriwira kaja ndiko kanali khutu la lole, komvera kabokosi, ndipo timisewu take tadyeka tonse.

Anayesa masabata awiri osandiuza mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo kukhala chete kwaoko kunandipweteka kuposa kutukwana. Pomaliza anati zoterezi kuno sizipezeka. Anati ngakhale zitapezeka ku Lusaka, timawilo ta m'kati tachita dzimbiri n'kugwirana, ndipo kasanjidwe kake kanali m'mutu mwa Jethro yekha. Matayala anandimatira, galasi anawongola pang'ono. Tsopano imayenda ukaikankha ndi dzanja, ngati yoyamba ija.

Mayi wopita ku Kitwe uja ndinamuuza kuti katundu sanakonzeke. Koma kalata inafunika kuti ipite, pakuti unali utafunsa ngati atate ako anakusiyira mawu. Enoch anabwera ndi pepala ndi bolopeni, anakhala pampando womwe uja wa atate ako, n'kufunsa kuti za lole tilembe chiyani.

Ndinamuyang'ana mwana amene ndinamuvula pamaso pa akuluakulu chifukwa cha lole yomweyo. Akanaitenga iye, bwenzi lero ikuyenda. Ine amene ndauza komboni yonse zolakwa zao, amene abusa amapatuka akandiona, ndinalephera kunena kuti ndalakwa. Ndinati lemba kuti sanaitsirize.

Ndinaganiza kuti wakufa sachita manyazi. Ndinati ndimusenzetse kamtolo kanga aka, iye sakamva kulemera. Ndinati kwa Tamiwe ndi kachidole chabe, adzadandaula tsiku limodzi n'kuiwala. Sindinadziwe kuti ndakupatsa mwala woti utsekere pakhomo pa atate ako.

Chaka chonse ndakhala nalo bodza limeneli. Ndadya nalo Mgonero katatu. AMatiyasi akandiona kumsika amandipatsa moni mwaulemu, ine n'kuyang'ana tomato. Iwo sankadziwa zimene ndinakulembera, koma ine ndinkadziwa.

Kalata yako itafika, Enoch ndiye anandiwerengera. Atafika pa mawu aja oti odziwa kuyamba osadziwa kutsiriza, ndinamuuza kuti aime. Ndinatuma uthenga kwa azakhali ako, ndinaitana ndi aMatiyasi, ndipo Lamulungu lapitali titachoka kutchalitchi ndinatulutsa katoni pansi pa bedi n'kuwauza zonse monga ndakuuzira iwe.

Azakhali ako analira. Enoch sanakweze mawu. Anangoti ambuya, ndiye kuti munandigwiritsa bolopeni kunamizira amalume ali m'manda. Anadzuka n'kupita osatsazika. Dzulo wabwera kudzandidulira nkhuni, koma sanalowe m'nyumba.

AMatiyasi ati ukafuna adzakuuza okha zimene anaona Loweruka lija, ndipo azimayi a pampopi alipo asanu amene angaime pamaso pako. Usakhulupirire ine, ndakunamiza kale kamodzi. Ufunse iwowo.

Sindikupempha kuti undikhululukire msanga. Zimenezo ndi za iwe ndi Mulungu wako, ndipo ukachedwa nazo sindidzakudandaula. Chimene ndikupempha n'chakuti mkwiyo umene wauika pa Jethro uuchotsepo, uuike pa ine. Ndi wanga. Ine ndili moyo, ndili ndi makutu, ukhoza kundinena ndikumva. Iye sangathe kudzuka kuti akuuze kuti amama akunama.

Chiliza tidzavundukula Loweruka pa 25 Julayi. Enoch ndi anzake aumba kale njerwa. Womanga wafunsa kuti pamwala tilembe mayina a ana, ndamuuza kuti adikire, mwana ndi mmodzi ndipo sanayankhe. Lole ili pano. Sindiitumiza ndi munthu, yayenda m'manja mokwanira. Udzaitenge wekha mmene ililimu, uone ndi maso ako mizere ya matayala aja, uwerenge wekha ngati ndi ntchito ya munthu woiwala mwana.

Tsono mvetsa ichi, pakuti ndaganiza masiku anayi ndisanachilembe. Ngati chokuletsa kubwera chidzakhala nkhope yanga, undiuze poyera. Ndidzapita ku Chipangali sabata imeneyo, ndikakhale kwa azakhali ako ndi nkhuku zao, makiyi ndidzasiya kwa Enoch. Udzagone m'nyumba muno ndi amuna ako ndi mwana, upite kumanda, uchite zonse, ine kulibe. Ine Jethro ndinamuona akubadwa, ndinamutseka maso, ndinaponya dothi. Mwala ndikhoza kudzauona tsiku lina ndekha. Iwe sunatsazike, ndipo amene wakuchedwetsa ndine.

Upereke moni kwa aBen, uwauze kuti akupatse mpata wolira ukawerenga izi. Moni kwa amako aSheila ukawalembera, uwauzenso za lole, ayenera kudziwa naonso. Mthunzi umupsompsone m'manja monse muwiri. Azakhali ako akupereka moni, ndi aMatiyasi omwe.

Ambuye akusunge iwe ndi nyumba yako, akupatse tulo ndi mtima wofatsa kuposa wa ambuyako. Uyankhe Juni asanathe, womanga adziwe cholemba, nane ndidziwe ngati ndimange kathumba kanga.

Ndine ambuyako,
Ketilina NaSakala